Kupalasa Kayaki Pagulu Panyanja Yaikulu

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

Lero tikambirana za kayaki, makamaka za mmene anthu opalasa pagulu angapitire panyanja yaikulu n'kubwerako onse amoyo.

Kwa amene simunaionepo, kayaki ndi kabwato kowonda, kotalika mamita 5 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo m'lifupi sikafika ngakhale mita imodzi. Munthu amakhala pansi m'kati mwake atatambasula miyendo, n'kumapalasa ndi nkhafi ya mapeto awiri, uku ndi uku. Adaiyamba ndi alenje a ku Greenland, Alaska ndi kumpoto kwa Canada, amene ankakuta zikopa za nyama za m'madzi pa mitengo ndi mafupa. Makayaki ambiri a masiku ano ndi apulasitiki, ndipo anthu amawapalasa pongofuna kusangalala. Pa Nyanja ya Malawi mudzawapeza ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi kumalo ena ofikira alendo. Abale athu okhala ku Cape Town kapena ku Britain amawapezanso m'mbali mwa nyanja yamchere, obwereketsa pa ola. Munthu amene sadagwirepo nkhafi chibadwire angathe kulipira lero, lero lomwe n'kupezeka ali pakati pa madzi ndi anzake. Pulogalamu ino ndi ya munthu ameneyo, ndi ya amene akumutsogolera.

Tiyambire ku England. Pa 22 Malichi 1993, m'mawa, ana asukulu 8 ochokera mumzinda wa Plymouth, mphunzitsi wawo ndi alangizi awiri adanyamuka pa makayaki m'tauni ya Lyme Regis, kum'mwera kwa dzikolo. Ulendo wake unali waufupi, wongotsata gombe kukafika ku Charmouth, mtunda wa makilomita ngati 3, woti pofika masana ukhale utatha. Asanapite patali, mphunzitsi uja adatembenuzika. Mlangizi mmodzi adatsala kumuthandiza, koma ankati akamukweza, iye n'kugwanso. Mlangizi winayo adasonkhanitsa anawo kuti agundanitse makayaki awo n'kugwirana, adikire.

Mphepo tsiku limenelo inkachokera kumtunda kulowera kunyanja. Pang'onopang'ono idawakankhira kutali, kumene mafunde anali aakulu, ndipo magulu awiri aja adasiya kuonana. Makayaki a anawo analibe chotsekera pakamwa pake, motero funde lililonse linkasiyamo madzi, mpaka onse adadzaza, anawo n'kupezeka ali m'madzi. Analibe mafuleya, moto uja amaombera m'mwamba poitana thandizo. Oyang'anira gombe sadauzidwe za ulendowu pasadakhale. Nthawi yobwerera itakwana gulu osaoneka, a pamalo pamene padachokera ulendowo adayamba afunafuna okha, ndipo padapita maola asanaimbire opulumutsa. Pamene boti la opulumutsa ndi mahelikopita ankawavuula chakumadzulo, anthuwo anali atakhala nthawi yaitali m'madzi ozizira osafika madigiri 10. Ana anayi adamwalira.

Omvera, anthu amenewa analipo 11. Palibe adanyamuka yekha. Akuluakulu amati kuyenda awiri si mantha, ndipo n'zoona. Koma panyanja gulu lili ndi vuto lake: limalimbitsa mtima. Munthu amene payekha sakanayerekeza kuchoka pagombe amachoka chifukwa anzake akuchoka. Aliyense amaganiza kuti wina waona za nyengo, wina wanyamula chingwe, wina wauza anthu kumtunda. Mukafunsa bwinobwino, mupeza kuti winayo kulibe. Gulu limapulumutsa pokhapokha ntchito zimenezi zikagawidwa kwa anthu odziwika maina, mapazi akadali pamchenga.

Nkhani ya Lyme Regis idafika kukhoti. Mu Disembala 1994, kampani ya OLL Limited, imene inkayendetsa malowo, idapezeka yolakwa pa mlandu wopha anthu chifukwa chosasamala, ndipo idalipitsidwa mapaundi 60,000. Mkulu wake, Peter Kite, adagamulidwa kukakhala kundende zaka 3. Khoti lidamva kuti miyezi ingapo ngoziyo isanachitike alangizi awiri amene adasiya ntchito pamalopo adalemba kalata yochenjeza za kusowa kwa chitetezo, ndipo chenjezolo silidatsatidwe mokwanira. Mu 1995 nyumba ya malamulo ya Britain idakhazikitsa lamulo lakuti malo otengera ana ku masewera otere azikhala ndi chiphaso ndipo aziyenderedwa. Kwa ine, mfundo yowawa kwambiri ndi ya kalata ija. Ngoziyi idaoneka ikubwera miyezi yambiri isanachitike. Choncho inu makolo, sukulu kapena mpingo ukabweretsa pepala loti musaine kuti mwana akapalase panyanja, funsani. Akutsogolera ndani, ndipo adaphunzira kuti? Mlangizi mmodzi ayang'anira ana angati? Boti la injini likhala kuti? Akakuyankhani mozemba, cholembera chibwerere m'thumba.

[NYIMBO PANG'ONO]

Tsopano tikambe za mphepo, chifukwa pa zonse zimene zimapha opalasa kayaki, iyi ndiyo imanyenga kwambiri.

Funde limakula malinga ndi mtunda umene mphepo yayenda pamwamba pa madzi. Mphepo ikamachokera kunyanja kubwera kumtunda, mafunde amafika pagombe atakula kale, akuchita phokoso, ndipo aliyense amaona ndi maso kuti lero si tsiku lake. Koma ikamachokera kumtunda kulowera kunyanja, pafupi ndi gombe madzi amakhala bata, makamaka ngati kumbuyo kuli phiri kapena nyumba zotchinga. Munthu woima pamchenga amaona nyanja yogona. Akalowa, kupalasa kumakhala kopepuka modabwitsa, pakuti mphepo ikumukankha kumsana. Amasangalala kuti waphunzira msanga. Akapita mamita mazana angapo, watuluka m'mthunzi wa phiri lija, mphepo yakula, mafunde ayamba, ndipo akati atembenuke abwerere, amapeza kuti akupalasa ndi mphamvu zake zonse koma gombe likunka litalikira.

Wopalasa wamba pamadzi abata amayenda makilomita pafupifupi 5 pa ola. Mphepo yothamanga makilomita 25 kapena 30 pa ola ikamuomba kumaso, wongoyamba kumene angathe kuima malo amodzi, ndipo akangopumula amabwerera m'mbuyo. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukaona mafunde ambiri ayamba kuchita thovu loyera pamwamba, mphepo yadutsa kale makilomita 20 pa ola. Kwa gulu la ophunzira, pamenepo ulendo watha. Ndipo poyang'ana, musayang'ane madzi ali pamapazi anu. Ponyani maso kutali, kumene mukufuna kupitako.

Izi zikutikhudza kwathu kuno. Gombe la Chembe ku Cape Maclear lidayang'ana chakumpoto cha kumadzulo, n'chifukwa chake dzuwa limalowera panyanja mokongola chotero, ndipo kumbuyo kwake kuli mapiri. Mwera, umene umaomba kwambiri kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, umachokera kum'mwera chakum'mawa, kuseri kwa mapiri amenewo. Ndiye kuti tsiku la mwera, munthu ali pa Chembe angathe kuona madzi odekha pamene kunja kwa zilumba za Thumbi ndi Domwe nyanja yalusa. Chilumba cha Mumbo chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera pagombelo, maola awiri a kupalasa zinthu zikamayenda bwino, ndipo pakati pake palibe pothawira. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 500, malo ena kuya kwake kumafika mamita 700. Kusakhala ndi mchere sikuichepetsa. Ku Cape Town n'chimodzimodzi: mphepo yamphamvu ya m'chilimwe yochokera kum'mwera chakum'mawa imakankhira anthu kunja akakhala kumbali ya Atlantic, cha ku Sea Point.

Mverani machenjezo a nthambi yoona zanyengo, amene amaulutsidwa pawailesi pomwe pano mwera ukamabwera. Kenako pitani kwa asodzi. Bambo amene wakulira m'bwato pagombe limenelo amadziwa nthawi imene mphepo imadzuka, mbali imene imachokera, ndi ngodya ya chilumba imene madzi amavuta. Mukaona asodzi akokera mabwato awo kumtunda nthawi imene amayenera kukhala pamadzi, inu simukuposa iwo. Ndipo tsiku likakhala labwino, konzani ulendo woti muyambe molimbana ndi mphepo mukadali ndi mphamvu, kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhirani kwanu.

Musananyamuke, pakhale munthu mmodzi wotsala kumtunda amene mwamuuza zonse, makamaka molemba: mulipo angati, maina anu, makayaki ndi amtundu wanji, mukupita kuti, mudzera kuti, mubwera nthawi yanji. Chofunika koposa, mugwirizane ola loti likangokwana inu osaoneka, iye aitane thandizo nthawi yomweyo. Asayambe wayendayenda pagombe kukuyang'anani, asachite manyazi kuti mwina avutitsa anthu pachabe. Ku Lyme Regis maola amene adatayika pofunafuna mwa okha anali maola a kuwala kwa dzuwa, ana ali m'madzi. Ku Britain munthu amaimba 999 n'kupempha oyang'anira gombe. Ku South Africa kuli bungwe la National Sea Rescue Institute, la anthu ongodzipereka, limene lakhala likupulumutsa anthu kuyambira 1967, ndipo lili ndi pulogalamu ya pafoni yotchedwa SafeTRX yoonetsa pamene wopalasa ali. Pa Nyanja ya Malawi, panganani pasadakhale ndi mwini boti la injini wa pafupi. Nambala yake ikhale ndi wotsala kumtunda uja, ndipo mutsimikize kuti m'botimo muli mafuta.

[NYIMBO PANG'ONO]

Mukumvera pulogalamu yokamba za kupalasa kayaki pagulu. Tifike pa zida.

Choyamba ndi jekete yoyandamitsa, ndipo pa iyi sindinyengerera munthu. Ivalidwe, imangidwe, kuyambira pagombe mpaka pagombe. Jekete yoikidwa kumbuyo kwa mpando chifukwa kwatentha ilibe ntchito, pakuti kayaki imatembenuzika m'kuphethira kwa diso, ndipo kuvala jekete uli m'madzi, mafunde akukumenya, dzanja lina litagwira nkhafi, n'kovuta ngakhale kwa katswiri. Poyesa, mnzanu agwire malamba a m'mapewa n'kukokera m'mwamba. Ikafika m'makutu, ndi yaikulu kapena simunamange. Dziwaninso kuti jekete zimene opalasa ambiri amavala, zolembedwa 50N, zimangothandiza munthu amene ali maso kuti ayandame; sizitembenuza munthu wokomoka kuti nkhope iyang'ane kumwamba. Zimene zimapangidwira ntchito imeneyo ndi zazikulu, zolembedwa 150N. Mwana avale ya msinkhu wake, ndipo wosadziwa kusambira anene poyera asanakwere. Wodziwa kusambira asadzitame: kusambira padoko pochapira ndi kwina, kusambira makilomita awiri m'mafunde ndi kwina.

Chachiwiri ndi kayaki yeniyeniyo. Ya panyanja yaikulu imakhala ndi zipinda zotsekeka kutsogolo ndi kumbuyo, zimene zimasunga mpweya kuti ngakhale itatembenuzika isamire. Onani kuti zivundikiro zake zatsekeka ndithu. Kayaki yopanda zipinda zimenezi ikadzaza madzi imalemera moti simungaikape muli pamadzi. Imeneyo ndi yosewerera m'mphepete. Ngati ndi yokhala m'kati, pamafunika chovala chija opalasa amachitcha siketi, chimene chimamangidwa m'chiuno n'kukoledwa pakamwa pa kayaki kuti mafunde asalowe. Kutsogolo kwake kuli kachingwe kokokera. Kachingwe kameneka kazikhala kunja nthawi zonse, ndipo munthu asavale siketi panyanja asanayeserere, pamadzi osaya, kuichotsa ali chadodolido m'madzi. Makayaki ena ndi okhala pamwamba, opanda pakamwa, ndipo ndi amene amabwereketsedwa kwambiri m'malo a alendo. Ubwino wake ndi wakuti sadzaza madzi ndipo kukweranso n'kosavuta, koma mphepo imawatenga msanga.

Pali zida zina zimene si aliyense ayenera kukhala nazo koma gulu lisanyamuke popanda izo. Pampu yam'manja yokapira madzi. Nkhafi yapadera yomangirira pamwamba pa kayaki, chifukwa nkhafi imathyoka ndiponso imatayika. Chingwe chokokera mnzako, chomangidwa m'chiuno ndi lamba woti umamasuka ukangokoka kamodzi; musamange chingwe wamba ndi mfundo yolimba pathupi panu, chingakukoleni pansi pa madzi. Pakhale zingwe zosachepera ziwiri, kwa anthu awiri odziwa kuzigwiritsa ntchito. Kabokosi ka mankhwala a chithandizo choyamba, tepi yomatira pobooka, kampasi, ndi chovala chouma chofunditsa munthu amene wazizidwa.

Zoitanira thandizo zikhale pathupi panu, m'thumba la jekete, osati m'chipinda cha kayaki. Mukagwa, kayaki yopanda munthu imauluzika ndi mphepo mofulumira kuposa mmene mungasambirire, ndipo foni ikapita nayo, yapita. Wenzulo imangiriridwe pajekete ya aliyense. Foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi, yodzaza moto, koma musaidalire yokha, pakuti kuseri kwa zilumba netiweki imatha kusowa, ndipo zala zonyowa sizidina bwino. Panyanja yamchere opalasa amanyamula wailesi ya VHF. Tchanelo 16 ndi ya ngozi padziko lonse, ndipo ukayankhulapo amamva onse amene ali pafupi, osati munthu mmodzi ngati pafoni. Palinso kachida kakang'ono kotchedwa PLB, kamene ukakatsegula kamatumiza uthenga kudzera pa setilaiti kusonyeza pamene uli. Kamadula, koma gulu lopita kutali likasonkherana lingakwanitse kamodzi.

Za zovala, malangizo ake ndi akuti muvale molingana ndi madzi, osati dzuwa. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. Amene muli ku Britain kapena kumbali ya Atlantic ya Cape Town, kumene madzi nthawi zambiri sapitirira madigiri 15, mvetserani apa. Katswiri wa ku Canada, Gordon Giesbrecht wa pa yunivesite ya Manitoba, adafotokoza zimene zimachitika munthu akagwera m'madzi ozizira kwambiri ndi manambala atatu: 1, 10, 1. Mphindi imodzi yoyamba thupi limadzidzimuka, munthu amapuma mwabefu osatha kudziletsa, ndipo akameza madzi pamenepo amamira. Ntchito yake pa mphindi imeneyo ndi kuyandama n'kudikira mpweya ukhazikike. Kenako ali ndi mphindi pafupifupi 10 zimene manja ndi miyendo zikugwirabe ntchito. Ndiyo nthawi yokweranso kayaki kapena yoitana thandizo. Pambuyo pake zala zimauma, ndipo pangapite pafupifupi ola limodzi asanakomoke ndi kuzizira, koma ola limenelo amalipeza yekhayo amene wavala jekete. Kumalo otere pamafunika zovala zapadera za m'madzi ozizira, osati jinzi ndi malaya a thonje. Nyanja ya Malawi ndi yofunda, pamwamba pake madigiri amakhala oposa 20 chaka chonse, koma munthu wonyowa amene akuombedwa ndi mwera kwa maola amanjenjemerabe mpaka kulephera kugwira nkhafi. Kwathu kuno onjezani chipewa, madzi akumwa okwanira ndi kachakudya kofikirika osatsika. Mowa udikire kumtunda.

[NYIMBO PANG'ONO]

Tsopano gulu lili pamadzi. Liyende bwanji?

Pakhale mtsogoleri mmodzi wodziwika, amene akati tibwerere, onse abwerera popanda mtsutso. Pakhale wina wakutsogolo amene palibe womupitirira, ndi wina wodziwa bwino wotsalira kumbuyo amene palibe wotsala kumbuyo kwake. Aliyense akhale ndi mnzake womuyang'anira. Werenganani ponyamuka, werenganani pokhota ngodya iliyonse ya chilumba, werenganani popuma. Kutalikirana kwake kukhale koti mawu akumveka. Mphepo ikakula, yandikiranani. Wakutsogolo aphunzire kucheuka kawirikawiri, chifukwa munthu wogwa kumbuyo kwanu simumumva mphepo ikamachokera kutsogolo.

Gwirizanani zizindikiro musanalowe. Opalasa ambiri amati nkhafi yoimikidwa chilili m'mwamba ndiye kuti bwerani kwa ine, yonyamulidwa chopingasa pamwamba pamutu ndiye kuti imani, yogwedezedwa uku ndi uku ndiye kuti pali ngozi. Wenzulo ikalira, aliyense aime ayang'ane. Zikhale zochepa, zoti mwana angazikumbukire ali ndi mantha.

Liwiro la gulu ndi la munthu amene ali m'mbuyo. Pali chizolowezi china choipa chimene ndikufuna tichitchule. Amphamvu amathamanga, n'kukaima patsogolo kudikira, akupuma, akumwa madzi. Wofooka akangofika, ali wefuwefu, iwo amati tiyeni. Ndiye kuti amene akufunika kupuma kwambiri ndi amene sapuma n'komwe. Akatopa amayamba kulakwitsa kapalasidwe, ndipo wogwa woyamba amakhala iyeyo, pamalo ovuta, gulu lili kutali. Muikeni patsogolo, pafupi ndi mtsogoleri, ena onse atsate liwiro lake.

Ndipo tinene zoona, ambiri a ife tidaleredwa kuti tisamadandaule pagulu. Wachinyamata sanganene pamaso pa akulu kuti watopa. Wantchito sangauze bwana wake kuti tibwerere. Mlendo safuna kuononga chisangalalo cha anzake. Ulemu umenewu ndi wabwino kumtunda, koma pamadzi umabisa ngozi. Mtsogoleri wanzeru safunsa gulu lonse kuti muli bwino nonse, chifukwa yankho lake limadziwika kale. Amayandikira mmodzimmodzi n'kumuyang'ana. Munthu amene anali wolongolola n'kungoti zii, amene nkhafi yake yayamba kumenya madzi mosalongosoka, amene akunjenjemera kapena wachita chizungulire ndi mafunde, wayankha kale ngakhale pakamwa akuti ndili bwino. Munene pagombe pomwe kuti aliyense, wamng'ono kapena wamkulu, ali ndi ufulu wonena kuti tibwerere, ndipo sadzasekedwa.

Wina akatembenuzika, ndipo tsiku lina adzatembenuzika ndithu, wogwayo akoke kachingwe ka siketi, atuluke, agwire kayaki ndi dzanja limodzi, nkhafi ndi linalo. Asasiye kayaki kuti asambire kupita kumtunda. Gombe limaoneka pafupi kuposa mmene lilili, ndipo opulumutsa amaona kayaki patali pamene mutu wa munthu pakati pa mafunde suoneka. Wopulumutsa akhale mmodzi. Apite kumphuno kwa kayaki yogwayo, aikokere pamwamba pa yake mopingasa, ainyamule kuti madzi akhuthuke, aitembenuze, kenako aigundanitse ndi yake m'mbali. Aigonere ndi thupi lonse, atagwira mwamphamvu m'mphepete mwa pokhalira. Wogwayo amenye miyendo kuti thupi liyandame chogona, akwere chafufumimba kumbuyo kwa pokhalira, alowetse miyendo, kenako atembenuke n'kukhala. Wopulumutsa asataye mpaka madzi otsala atapopedwa, siketi yatsekedwa, nkhafi ili m'manja, ndipo mwiniwake wanena kuti wakonzeka. Kufotokoza kwake n'kwa mphindi imodzi, koma manja amaphunzira pochita. Yesererani pamadzi ofika m'chifuwa, tsiku labata, aliyense agwe ndipo aliyense apulumutse, kufikira zitazolowereka.

Nanga ena onse achite chiyani pa nthawiyi? Apa m'pamene gulu la ku Lyme Regis lidagawikira. Onse atembenuze makayaki kuyang'ana kumene kukuchokera mphepo, azipalasa pang'onopang'ono kuti akhale pafupi ndi opulumutsanawo, ndipo wachiwiri kwa mtsogoleri aziwayang'anira, chifukwa munthu wachiwiri amagwa pamene maso onse ali pa woyamba. Kugundanitsa makayaki n'kugwirana kumathandiza kwa mphindi zochepa, pofuna kupopa madzi kapena kukhazika mtima pansi munthu wamantha. Koma pamene onse agwirana palibe akupalasa, ndipo mphepo imawatenga onse pamodzi. Ngati mphepo ikulowera kunyanja kapena kumiyala, wina amangirire chingwe n'kumakoka gululo molimbana nayo. Mukaona kuti munthu yemweyo wagwa kachiwiri, kapena awiri ali m'madzi nthawi imodzi, kapena gulu likulephera kubwerera, itanani thandizo pomwepo, kukadali kowala, manja akadagwira foni. Opulumutsa amakonda kubwera n'kupeza mwadzipulumutsa kale kusiyana ndi kuitanidwa mdima utagwa.

Amene mumapalasa panyanja yamchere muli ndi china chimene ife a kunyanja ya Malawi sitilimbana nacho: madzi amakwera ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mayendedwe ake amatembenuka pakapita maola ngati 6. Pangodya za mtunda, pakati pa zilumba ndi pamathiriro a mitsinje, madziwo amathamanga ngati mtsinje, mwina kuposa liwiro la wopalasa, ndipo akakumana ndi mphepo yochokera kutsogolo kwake mafunde amaima chilili. Nthawi zake zimasindikizidwa pasadakhale pa doko lililonse. Ziwerengeni, ndipo funsani a pamalopo.

Kwathu kuno zathu ndi zina. Pewani mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, kumene kumakhala ng'ona ndi mvuu, ndipo funsani eni dera musanasankhe pogona kapena popumira. Nyengo ya mvula, mukaona mitambo yakuda ikuunjikana kapena mwamva bingu, tulukani pamadzi, pakuti mphepo yotsogolera mvula imafika mwadzidzidzi ndipo pamadzi palibe pobisalira mphezi. Kayaki imakhala yotsika kwambiri pamadzi moti woyendetsa boti la injini kapena sitima sangaione msanga, makamaka dzuwa likamuthobwa m'maso. Valani zowala, dutsani njira ya maboti muli pamodzi osati mutamwazikana, ndipo musayembekeze kuti wamkuluyo akupatukirani. Lambalalani makoka ndi maukonde a asodzi. Iwo ali pantchito. Konzani zofika kumtunda kukadali maola awiri dzuwa lisanalowe, chifukwa kwathu kuno mdima suchedwa, komabe aliyense akhale ndi tochi yosalowa madzi m'jekete.

Pofika pagombe pamene pali mafunde, musalowe nonse nthawi imodzi. Atsogole wodziwa, akaime m'madzi kulandira anzake mmodzimmodzi, ndipo wina wodziwa atsalire kunja mpaka womaliza atalowa. Potsika, musaime pakati pa kayaki ndi mchenga, chifukwa funde likaikankha imathyola mwendo. Imani mbali ya kunyanja. Mukakokera makayaki kumtunda, werenganani komaliza. Kenako imbirani munthu uja mudamusiya ndi pepala, mumuuze kuti mwafika nonse, asadzutse boti la injini pachabe.

Nthawi yathu yathera pamenepa.

[NYIMBO YOTSEKERA]